Mutu Wachitatu: Khosi Lopanda Mikanda

1. Pansi pa chitsime

Chaka chimenecho chitsime cha a Lochodo chinafika pa anthu asanu. Mvula itakana kawiri motsatizana, madzi anathawira pansi pa mchenga wa mumtsinje, ndipo anthu anawatsatira ndi manja. Pomwetsa ziweto, akazi asanu ankaima m'dzenjemo, wina pamwamba pa mnzake, n'kumapatsirana chotungira chamtengo mpaka chikafike kumtunda.

Malo a pansi penipeni anali a Napeyok, mwana wamkazi wa a Lochodo. Anali wamng'ono kwa onse a m'dzenjemo, koma msana wake unali wolimba, ndipo sankaopa mchenga ukamagumuka n'kumuwaza m'maso. Mikanda ya m'khosi mwake inkaterera ndi thukuta. Iye ankangowerama, kutunga, ndi kukweza.

"Landirani, Amayi!"

"Pang'onopang'ono, iwe! Lero ukutunga ngati wakwiya," anatero a Nakuwa, mayi ake, amene anaima pamwamba pake. Polandira chotungira ankabuula, chifukwa msana unkawavuta chiyambire kubadwa kwa mwana wawo womaliza.

Kumtunda mbuzi zinkakankhana pa chomwera. Ngamila zinaima patali, zikudikira nthawi yawo mosaphethira.

Dzuwa litakwera, mutu wa mnyamata unasuzumira kukamwa kwa chitsime.

"Achemwali! Mukadali moyo m'manda mwanumo?"

Napeyok anakweza maso. Anaona malaya abuluu a sukulu, ong'ambika paphewa.

"Iwe Ebei! Wathawanso?"

"Sindinathawe. Ndangoyenda mofulumira."

Akazi onse anaseka mpaka madzi anatayikira pamutu pa Napeyok.

Ebei anali mlongo wake wamng'ono. Kwathu, a boma akaumirira kuti banja lililonse lipereke mwana ku sukulu, bambo sapereka mwana amene amamudalira. Amayang'ana wogona pa ubusa, wosokoneza ziweto, ndipo ameneyo ndiye amamutayira kumeneko. Ebei anataya mbuzi tsiku lina akuthamangitsa agologolo, ndipo mwezi usanathe anapezeka atavala yunifolomu. Kuyambira pamenepo ankathawa nthawi iliyonse akapukwa fungo la khola.

2. Nzeru ya Ebei

Ziweto zitamwa, awiriwa anakhala pamthunzi wa mgwalangwa. Ebei anatulutsa m'thumba chimanga chophika ndi nyemba chimene anabisa ku sukulu, nagawira mlongo wake.

"Mwaphunzira chiyani sabata ino?" anafunsa Napeyok.

"Mitsinje ya kumayiko ena. Akuti kuli mitsinje yosauma chaka chonse. Munthu wamkulu kunama chonchi, osaseka n'komwe!"

"Ndilembere dzina la umodzi."

"Ayi, ndatopa nazo. Ndamva kumsika kuti mawa mukusamukira ku mapiri a Loima. Mumafuna mundisiye ndikuimba a, e, i, o, u ngati mbalame? Ine ndikupita ndi ngamila."

Napeyok anasalaza mchenga ndi dzanja, nalemba dzina lake. Zilembo zimenezo anazikoka kwa Ebei pang'onopang'ono, posinthana ndi mkaka.

Chimene chinamuyambitsa kufuna sukulu chinali waya. Kumadzulo kunali dambo limene linkapulumutsa ziweto chilala chikavuta. Tsiku lina kunabwera anthu a magalimoto, nachititsa msonkhano. Ankalankhula Chiswahili ndi Chingerezi, ndipo wotanthauzira anali mnyamata wa m'dera lomwelo, mmodzi wa ana otayidwira ku sukulu. Iye ankangogwedeza mutu n'kumati, "Akuti zonse zili bwino." Patapita miyezi ingapo, dambo lonse linali m'kati mwa waya.

Napeyok anaona bambo ake akubwerera ndi ng'ombe zanjala kuchokera pa wayayo, ndipo sanaiwale nkhope yawo. N'chifukwa cha waya yemweyo kuti tsopano banja linkayenera kupita ku Loima, kumene mbusa amadyetsa ziweto mfuti ili paphewa.

"Tisinthane," anatero Napeyok. "Iwe upite ndi ngamila, ine nditenge malo ako."

Ebei anaseka mpaka kutsamwa ndi nyemba.

"Inu? Ababa apereke inu? Nanga pansi pa chitsime atsike ndani, bulu? Achemwali, vuto lanu ndi limodzi: mumagwira ntchito bwino kwambiri. Sukulu imapatsidwa zinyalala ngati ine."

Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Koma njira ilipo. Khalani chitsiru. Tayani madzi. Siyani mbuzi kuthengo, afisi achite zawo. Ababa akangoona kuti mutu wanu wasokonekera, akukankhirani okha ku sukulu. Ine zinandithekera ndisakufuna n'komwe."

Asanamalize, a Nakuwa anafika ali ndi kanthu m'manja. Anaona zilembo pamchenga, nazifufuta ndi phazi.

"Kweza chibwano."

Chinali chingwe chatsopano cha mikanda yofiira. Anachimanga pamwamba pa zinzake zonse, pafupi ndi nsagwada.

"Chachokera kuti, Amayi? Ababa sanagulitse mbuzi mwezi uno."

"Chachokera kwa munthu amene wakhala akukuona ukutunga madzi."

Napeyok anadziwa. A Lokuruka, bambo waimvi wa akazi awiri, anali atazolowera kukhazika kampando kawo m'mphepete mwa mtsinje nthawi yomwetsa ziweto.

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Nakuwa. "Ndakuona ukupalasa mchenga ngati nkhuku, ndipo ndikudziwa kumene mtima wako ukupita. Ku sukulu salola mikanda. Amati vula, uvale nsalu yofanana ndi anzako. Kodi ukudziwa amene amayenda khosi lili pamtunda? Ndi mkazi amene mwamuna wake wamwalira, kapena wamisala. Chingwe chilichonse chili m'khosi mwakomu ndi mbuzi imene bambo ako anaichotsa m'khola. Munthu akakuona patali amadziwa kuti uli ndi kwanu, uli ndi bambo, uli ndi alongo okubwezerera wina akakumenya. Ukavula, ndiwe wa yani?

"Ndinawaona ine atsikana a sukulu ku tauni ya Lodwar. Kukama ngamila sadziwa, ntchito ya mu ofesi sanaipeze, akugulitsa makala m'mbali mwa msewu. Kwawo ndi alendo, m'tauni ndi alendo. A Lokuruka ndi okalamba, zoona, koma ngamila zawo zikadali ndi mkaka pamene za ena zauma. Kwa iwo sudzagona ndi njala. Ine sindinakubereke kuti ukagulitse makala."

"Ndamva, Amayi," anatero Napeyok. Koma sananene kuti wavomera.

3. Mbuzi yotsalira

Masana Napeyok ndi Ebei anakusa mbuzi kubwerera nazo kukhola. Mchenga unkaotcha kudzera m'nsapato za matayala. M'mbali mwa njira munali mafupa a ng'ombe za anthu ena, oyera mbee.

Mbuzi ina yaikazi, yamawanga m'khutu, inayamba kutsalira. Inali ndi bere, ndipo miyendo yake inkanjenjemera. Pamapeto pake inagwada pansi pa chitsamba chaminga, nikana kudzuka.

"Mulungu wakuyankhani," anatero Ebei. "Musatembenuke. Tiyeni tizipita. Ine ndikanena kuti mumayenda mukulota, simunaione."

Napeyok anaima. Kenako anayamba kuyenda. Anadutsa chulu, anadutsa mtengo wouma. Mbuzi ija inalira kumbuyo, kuitana munthu amene inkadziwa mawu ake. M'mwamba miimba inali itayamba kale kuzungulira.

Anaponya ndodo pansi.

"Achemwali, mukuononga zinthu!"

Napeyok anabwerera chothamanga. Anagwada, nalowetsa mutu pansi pa mimba ya mbuziyo, naisenza pamapewa. Mikanda inamukanikiza m'khosi mpaka mpweya unavuta, koma anadzuka nayo.

"Imeneyi inabadwira m'manja mwanga," anatero atamupeza Ebei. "Ndiiphe kuti ndikaphunzire kulemba? Ndiye ndikalemba chiyani?"

"Ndiye mwasankha a Lokuruka. Mukhala mkazi wachitatu, muziwatafunira nyama."

"Ayi. Ku sukulu ndipita, koma sindipita ngati chinyalala. Tola ndodo yanga, ukalowetse mbuzi m'khola."

"Nanga inu mukupita kuti? Kumudzi ndi uku!"

Napeyok anatembenuka, mbuzi ili pamapewa. Analunjika ku mtengo wa abambo.

4. Ku mtengo wa abambo

Mtengowo unali mthethe waukulu kuseri kwa makola. Pamenepo amuna amakhala pa timipando tawo n'kumakambirana za msipu ndi za adani. Mkazi safikapo, ndipo mtsikana amaulambalala patali.

Tsiku limenelo ankakambirana za njira ya ku Loima. Napeyok anaima pamene mthunzi unathera, natsitsa mbuzi ija pansi. Nkhani inaduka.

"Lochodo, khola lako lasamukira kuno?" anaseka mkulu wina.

"Kapena watibweretsera ndiwo," anatero a Lokuruka, akukonza nthenga ya nthiwatiwa pamutu pawo. "Mwana wodziwa ulemu ameneyu."

A Lochodo sanaseke. Anali atagwira kale mkondo. "Chachitika n'chiyani? Achifwamba?"

"Ayi, Ababa. Mbuzi iyi inagwa panjira. Ndikanatha kuisiya kuti munene kuti ndine chitsiru, munditayire ku sukulu. Sindinaisiye. Ndabwera kudzapempha ndi pakamwa. Ebei akufuna ziweto, ine ndikufuna sukulu. Tisinthanitseni."

Amuna anayang'anana. Wina analavula fodya amene ankatafuna.

A Lochodo anaika mkondo pansi, nakhalanso pakampando.

"Popeza walankhula pamaso pa anthu, ndikuyankha pamaso pa anthu. Ine ndaona zilala zambiri. Ndinaona chaka chimene tinawiritsa zikopa zogonera n'kudya. Amene anatipulumutsa si munthu wa pensulo. Anali mkazi wodziwa kukumba, ndi mnyamata wodziwa kumene mtambo wagwetsa madzi. Sukulu imakhala pamalo amodzi, ife timayenda ndi msipu. Mwana akakhala kumeneko miyendo yake imafewa, maso ake saonanso mapazi a ngamila pamchenga. Akabwerako amatinyoza kuti timanunkha mafuta.

"Iwe ndiwe dzanja langa lamanja. Ku Loima kulibe sitolo, kulibe boma, kuli ife ndi ziweto basi. Ndikakusiya, ndani amwetse mbuzi? Ndani akame? Ndipo ndikusiye chifukwa cha chiyani? Ndi mwana wa sukulu amene anagwedeza mutu mpaka dambo lathu linalowa m'waya. Sukulu yatipatsa chiyani ife? Yatibwezera anthu opanda pake."

"Zoona!" anavomereza amuna.

Napeyok anayang'ana bambo ake m'maso.

"Ababa, mukafuna ngamila zamphamvu m'khola, mumasunga yamphongo yodwala kuti ibereke?"

"Usandiphunzitse za ngamila."

"Ku sukulu mumatumiza amene wakulepherani pa mbuzi. Ndiye tsiku la msonkhano mumaimika yemweyo kuti alankhulire dera lonse. Anataya mbuzi ali mwana, wataya dambo atakula. Analakwa ndani? Tumizani kamodzi kokha mwana amene sataya kanthu, muone ngati waya adzadutsenso."

Mkulu amene anaseka poyamba uja anakanda ndevu, nayang'ana pansi.

"Lochodo," anatero a Lokuruka, "pakamwa pa mwana wako patentha. Akufunika nyumba yoti akaziziremo msanga."

A Lochodo anaona kuti anzawo onse akudikira. Kenako anamwetulira ngati munthu amene wapeza potulukira.

"Chabwino. Ku sukulu salandira mikanda. Ine sindikuvula, mayi ako sakuvula. Ngati iwe ungathe kuvula wekha, n'kuima pakati pa mudzi dzuwa likuwala, khosi lili pamtunda ngati namfedwa, pita. Amuna inu, mwamva?"

"Tamva!" anayankha akuseka. Aliyense ankadziwa kuti palibe mtsikana amene angachite zimenezo. Koma kwathu munthu sabweza mawu amene wanena pansi pa mtengo umenewo.

"Nanenso ndamva, Ababa," anatero Napeyok. Anasenzanso mbuzi ija, nabwerera nayo kukhola.

5. M'mawa wa msamuko

Kutacha, mudzi unali piringupiringu. Akazi ankagwetsa misasa ndi kumanga zikopa ndi zipanda pa abulu. Tiana ta mbuzi tinkalira m'madengu. Ebei anali atavula kale malaya a sukulu, atadzimangirira nsalu ngati mbusa weniweni.

Napeyok anayenda mpaka pakati pa mudzi, pamene panali kampando ka bambo ake. Anagwada, napisa manja kumbuyo kwa khosi.

Chingwe chofiira ndicho chinayamba. Anachiika pakampando. Chinatsatira chachikasu, kenako chobiriwira.

"Mayo ine! Mwana wa Nakuwa wapenga!" anakuwa mayi wina.

Akazi anasiya abulu. Atsikana anzake a pachitsime anabisa nkhope m'manja. Mayi wina wachikulire anakhala pansi, nayamba kulira maliro.

"Wafa ndani?" anafunsa Napeyok, manja akugwirabe ntchito. "Ababa ndi awo, ali moyo. Lekani kulira, mungawaitanire tsoka."

"Tamumvani! Manyazi alibe!"

"Alipo, Azakhali. Ndangowaika pakampando apa."

Zingwe za m'munsi zinali zakale, zomatana ndi mafuta ndi fumbi. Anazimanga iye ali kamwana, ndipo mfundo zake zinakana. Anakoka mpaka zikhadabo zinathyoka. Anthu anayamba kuseka, ndipo wina anati, "Mikanda yomwe ikumukana."

A Nakuwa anadutsa pafupi atasenza mtolo wa zikopa. Kanthu kanagwa pamchenga pafupi ndi bondo la Napeyok. Kanali kampeni kopalira zikopa.

"Ndagwetsa mpeni penapake," anatero osayang'ana aliyense, napitirira.

Napeyok anadula zingwe zotsala. Khosi linatuluka lotuwa, lowonda, lili ndi tizilonda pamene mikanda inkadya khungu. Mphepo italikhudza anachita tsembwe, ndipo mutu unamulemera ngati si wake. Anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, mpaka kuseka kunatha.

A Lochodo anafika. Anayang'ana mulu wa mikanda, osati mwana wawo.

"Mawu ndinanena, ndipo sindiwabweza. Koma tamvera. Ku Loima zitsime ndi zakuya kuposa kuno. Pansi padzatsika mayi ako, ndi msana wawo uja. Ukamadya nyemba za boma, uzikumbukira zimenezo. Ukakalephera kumeneko, usadzandifunse mbuzi, pakuti mbuzi zako ndi izi wazitula apa. Anzako adzakwatiwa, adzakhala ndi makola awo, iwe ukuwerenga mitsinje ya eni. Usadzati sitinakuuze. Ndipo ukakaphunzira n'kubwera kudzagwedeza mutu pa msonkhano, ndidzakukana pamaso pa anthu."

"Sindidzagwedeza, Ababa."

A Lochodo anatola ndodo ya Napeyok, naiponyera Ebei. "Iwe, ukatayanso mbuzi, ndikusiya m'phiri."

Napeyok anatembenukira kwa mayi ake. Apa m'pamene misozi inabwera.

"Amayi, chitsime chija..."

"Khala chete. Ndinkatsika pansi iwe usanabadwe."

A Nakuwa anatapa mafuta m'chipanda, napaka patizilonda tija mwaukali.

"Dzuwa lipsereza khosi ili. Uziliphimba masana. Wandichititsa manyazi lero, ndipo akazi awa andinena mpaka ku Loima. Ndiye manyazi amenewa asapite pachabe. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Ulendo uno anavomera.

Ebei anamupatsa malaya abuluu aja. "Nsabwe zake ndi zochepa chabe. Ndipo musakhale kutsogolo, aphunzitsi amawaza malovu polankhula." Anatembenuka msanga, nathamangira ngamila.

Mbuzi yamawanga ija anaikweza pa bulu. Msamuko unalowera kumadzulo. Napeyok analowera kum'mawa yekha.

6. Thanki

Anafika ku sukulu dzuwa lili pamutu. Ana anali pamzere wa chakudya, ndipo atamuona anayamba kugwirana.

"Taonani khosi! Ngati la nthiwatiwa!"

"Iwe wa kutchire, mbuzi zako wazisiya kuti?" anafuula mnyamata wina.

"Ndazisiya zonse zili zamoyo," anayankha Napeyok. "Iwe unataya zingati kuti ufike kuno?"

Anzake a mnyamatayo anatembenukira iye pomuseka.

Aphunzitsi a Ikaal, mayi amene ankayang'anira atsikana ogonera pasukulu pompo, anatuluka m'kalasi. Anayang'ana malaya, nayang'ana khosi. Iwonso anali ndi zipsera zakale pamalo omwewo.

"Malaya awa ndi a Ebei. Iye ali kuti?"

"Wapita ndi ngamila. Ine ndabwera m'malo mwake. Sananditaye, ndabwera ndekha."

"Ndiwe wamkulu. Ukhala ndi tiana tolekeza m'chiuno mwako. Tianato tizikuseka tsiku lililonse."

"Andiseka kale anthu a ndevu."

A Ikaal analoza ndi chibwano.

"Pita ukamwe pathanki apo. Kapu imodzi yokha. Galimoto ya madzi yasiya kubwera."

Thanki inali pafupi ndi mpanda. Napeyok atatsegula mpopi, madzi anatuluka ngati ulusi. Ali m'kati momwa, anamva munthu akutsokomola kunja kwa mpanda.

Pansi pa mtengo, pakampando kawo, panali a Lokuruka. Chingwe chofiira chija anali atachikulunga padzanja.

"Imwa, mwana wanga, imwa," anatero mofatsa. "Bambo ako analankhula za mikanda yawo. Za iyi sanandifunse ine."

"Ndinavula, ndipo anthu anaona."

"Anaona ndithu. Ine sindilimbana nawe, ndipo sindilowa mumpanda wa boma. Ziweto zanga zapita ndi ana anga. Sindikufulumira kwina kulikonse. Tagogoda thankiyo."

Napeyok anagogoda pamwamba. Inalira ngati ng'oma. Anagogoda pakati. Inaliranso ngati ng'oma. Anatsika mpaka m'mawondo, ndipo m'pamene chitsulo chinayankha kuti muli madzi.

"Madzi akatha, sukulu imatseka, ndipo ana amabwerera kwawo," anatero a Lokuruka. "Kwanu kuli panjira ya ku Loima. Ukadzatuluka pachipata icho, udzapeza ndani?"

Belu linalira. Napeyok anamaliza madzi ake mpaka dontho lomaliza, nabwezera kapu pamalo pake.

"Mukhale bwino pamenepo, Agogo," anatero mokweza kuti ana onse amve. "Mthunziwo umasuntha. Muzisuntha nawo."

Analowa m'kalasi, nakhala kutsogolo penipeni, pakati pa tiana. Kudzera pawindo ankaona thanki, ndipo ankaonanso munthu akukoka kampando kake kutsatira mthunzi. Kuseri kwa ziwirizo kunali mtsinje wouma umene mchenga wake unali usanakumbidwepo.

Aphunzitsi anayamba kulemba pabolodi. Napeyok anatola choko chimene anamupatsa, koma anatembenuzanso khosi lake lopepukalo, kuyang'ana pamene migwalangwa ya m'mbali mwa mtsinjewo inali yobiriwira kwambiri, pakuti pamalo otere m'pamene madzi amabisala pansi pa mchenga.